Kalata yotseguka kwa oyang'anira zaumoyo mu Harare pa nkhani ya sitiroko ndi maola oyambirira amene tikutaya

Kwa olemekezeka Nduna ya Zaumoyo ndi Chisamaliro cha Ana, a Meya pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo ku khonsolo ya mzinda wa Harare, oyang'anira zipatala zikuluzikulu za boma, komanso inu atsogoleri athu a m'mipingo, m'misikiti, m'madambwe ndi m'mabungwe a maliro.

Akuluakulu, ndapota nanu, ndiloleni ndikulankhuleni m'Chichewa. Ndasankha chinenero chimenechi mwadala, chifukwa malamulo oyendetsera dziko lino la Zimbabwe a chaka cha 2013, m'gawo 6, amatchula zinenero 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo Chichewa ndicho chili poyambirira pa mndandandawo; komanso chifukwa anthu amene ndikuwalankhulira, ngakhale amagula ndi kugulitsa m'Chishona pa Mbare Musika tsiku ndi tsiku, akadwala mwakayakaya amabwerera ku chinenero chimene anayamwira. Ndikunena makolo athu amene anafika kuno wapansi kudzera ku Tete, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'makhitchini a mu Salisbury, amene lero ndi Harare, ndiponso ana awo amene tsopano nawonso amera imvi ku Mbare, Highfield, Mufakose, Rugare, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth. Nkhani yanga ndi ya matenda a sitiroko, amene ambiri timangoti kufa ziwalo, makamaka maola ochepa oyambirira, kuchokera pamene munthu wayamba kuonetsa zizindikiro kufikira pamene dokotala waona chimene chachitika m'mutu mwake. Maola amenewa tikuwataya pawiri, ena kunyumba m'manja mwathu, ena panjira ndi pamzere m'manja mwanu.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu eni ake. Atsibweni anga, amene anagwira ntchito ya ulonda kwa zaka zambiri, ankamwa tiyi pakhonde m'mawa wina cha m'ma 7 koloko pamene kapu inawapulumuka m'dzanja lamanja. Anafuna kuitola, koma dzanja silinawamvere. Titawayang'ana tinaona kuti mbali imodzi ya pakamwa yatsika, dovu likutuluka, ndipo mawu awo ankamveka ngati a munthu woledzera, chonsecho iwo anasiya mowa ine ndisanabadwe. Tinawagoneka pamphasa, akazi awo anayamba kuwasisita mkono ndi mafuta, wina anathamangira akulu a mpingo, wina anateleka phala lamadzimadzi kuti apezeko mphamvu, ndipo mayi wina woyandikana nafe, mwa chifundo chake chonse, anabweretsa mapiritsi ake a BP ndi asipirini. Mwa anthu tonse amene tinadzaza m'nyumba muja panalibe mmodzi amene anayang'ana wotchi. Panja azibambo ankanong'onezana za hamala, kuti pali wina wawamenya nayo usiku chifukwa cha mkangano wakale wa nyumba, ndipo nkhani imeneyo inatenga nthawi yochuluka kuposa nkhani ya galimoto. Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Kuchipatala kumene tinafikira tinakhala pamzere umodzi ndi anthu a chifuwa ndi a mabala, ndipo mutu wawo unajambulidwa mawa lake, titasonkha ndalama kwa abale a ku Johannesburg ndi ku Blantyre. Anamwino amene tinawapeza anachita zimene akanatha, pakuti maola ofunikitsitsa tinali titawadya kale tokha. Atsibweniwo ali moyo, koma mbali ya kumanja inafa, ndipo pa zinenero zitatu zimene ankalankhula anatsala ndi mawu owerengeka a Chichewa okha.

Zimene ndinadziwa pambuyo pake ndi zimene ndikadakonda kuti mwana aliyense wa sukulu m'mzinda muno azidziwa. Ubongo susunga chakudya kapena mpweya wa mawa. Umadalira magazi amene akufika pa nthawi yomweyo. Sitiroko imachitika magazi akaleka kufika ku chigawo china cha ubongo, ndipo njira zake ndi ziwiri. Kawirikawiri mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana, amene angaundane pamalo pomwepo kapena kuchokera kumtima, makamaka mwa anthu amene mtima wawo umagunda modumphadumpha. Nthawi zina mtsempha umaphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo, ndipo mtundu wachiwiriwu, umene umayendera limodzi ndi BP yosasamalidwa, ndi wochuluka pakati pa ife anthu a mu Africa kusiyana ndi ku Ulaya. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi yomwenso imasunga chilankhulo, n'chifukwa chake atsibweni anga anataya dzanja lamanja ndi mawu pa nthawi imodzi. Akatswiri anawerengera kuti pa sitiroko yaikulu ya mtsempha wotsekeka, munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse imene akukhala wopanda thandizo. Phala lija linatenga mphindi zoposa 20 kuti lipse.

Zizindikiro zake sizifuna sukulu. M'Chingerezi anazifupikitsa kukhala mawu oti FAST, ndipo mawu amenewa ndi abwino kwa amene anaphunzira, koma kwa agogo a ku Rugare ndi phokoso chabe. Ife tinganene kuti nkhope, mkono, mawu, nthawi. Muuzeni munthuyo kuti amwetulire kapena aonetse mano, ndipo muone ngati mbali imodzi ya nkhope yatsalira m'munsi. Muuzeni akweze mikono yonse iwiri patsogolo, muone ngati umodzi ukukana kukwera kapena ukutsika wokha pang'onopang'ono. Muuzeni atchule dzina lake ndi kumene amakhala, mumve ngati lilime lalemera, ngati akusakaniza mawu, kapena ngati akukuyang'anani ngati simukulankhula chinenero chake. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikaoneka, yang'anani wotchi, lembani nthawiyo papepala kapena pafoni, ndipo nyamukani. Palinso zina zimene zimabwera mwadzidzidzi: diso limodzi kuchita mdima kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi la mbali imodzi ya thupi, mwendo kukokera pansi, chizungulire cholepheretsa kuyenda molunjika, ndiponso mutu wowawa koopsa umene munthu sanaumvepo chibadwire, nthawi zina pamodzi ndi kusanza. Mawu awiri oyenera kusunga ndi akuti mwadzidzidzi ndi akuti mbali imodzi. Chimene chimatinamiza kwambiri n'chakuti sitiroko nthawi zambiri sipweteka, ndipo ife tinazolowera kuyeza kukula kwa matenda ndi kubuula kwa wodwala, kotero munthu amene wangokhala chete, dzanja lili lende, timati agone kaye tione m'mene adzukire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambi umenewu sanaunenere matenda awa.

Pali mtundu wina umene umapusitsa ngakhale anthu ochenjera. Munthu amafooka mkono, kapena mawu amasokonekera kwa mphindi 10 kapena 20, kenako zonse zimabwerera m'malo, iye n'kuseka, n'kupita kukagulitsa ndiwo zake kumsika. Patapita mwezi tinamva kuti atsibweni anga zinawachitikira zoterezi Lamlungu la sabata yomweyo pochokera kutchalitchi, ndipo anangoti ndi njala ndi dzuwa. Madokotala amati TIA, kutanthauza kuti mtsempha unatsekeka kwa kanthawi n'kutsegukanso wokha, ndipo chiopsezo cha sitiroko yaikulu chimakhala chachikulu zedi m'masiku awiri oyambirira. Munthu wotere ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, ngakhale akuyenda ndi miyendo yake.

Chilichonse chimene tinawachitira atsibweni m'mawa uja chinali cha chikondi, ndipo pafupifupi chilichonse chinali choopsa. Sitiroko imafooketsa minofu yomezera, kotero phala, tiyi kapena madzi zimatha kulowa m'mapapo, ndipo chibayo chimene chimatsatira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha odwala ambiri m'masabata oyambirira. Asipirini amathandiza ngati mtsempha watsekeka, koma ngati waphulika amawonjezera kukha magazi, ndipo palibe munthu angasiyanitse ziwirizi ndi maso. Kumwetsa wodwala mapiritsi a BP a munthu wina kungatsitse mphamvu ya magazi mwadzidzidzi pa nthawi imene ubongo ukuwafunitsitsa. Chimene banja lingachite ndi chochepa: kumugoneka chammbali kuti asatsamwe ndi malovu kapena masanzi, kumasula zovala zothina, kusamupatsa chilichonse pakamwa, kutenga makhadi ake a kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ndi kuonetsetsa kuti munthu amene anaona zoyambirira wakwera nawo galimoto. Ngati wodwala wadzuka nazo m'mawa, nthawi imene dokotala akufuna kumva ndi imene anamuona komaliza ali bwino, ngakhale ikhale ya usiku pokagona.

Tsopano nditembenukire kwa inu a Nduna ndi oyang'anira zipatala. Mankhwala osungunula magazi oundana, otchedwa alteplase, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka kuchokera pamene zizindikiro zayamba. Njira yochotsa magazi oundanawo ndi kachingwe kolowetsa mumtsempha imachitika pasanathe maola 6, ndipo kwa odwala ena osankhidwa mosamala mpaka maola 24. Zonsezi sizingayambike mutu usanajambulidwe ndi makina a CT scan, chifukwa kupereka mankhwala osungunula magazi kwa munthu amene mtsempha wake waphulika n'kumupha. Ndikupempha kuti muwerengere nafe maola anayi ndi theka amenewa monga m'mene amathera kwa munthu wa ku Mabvuku, amene ali pa mtunda wa makilomita osapitirira 20 kuchokera pakati pa mzinda. Banja lizindikire, lipeze galimoto kapena liimbe 994, nambala ya ambulansi, n'kudikira, lidutse pa kiliniki yapafupi chifukwa ndiko linaphunzitsidwa kuyambira, lilandire kalata yotumizira kuchipatala chachikulu, lilimbane ndi mzere wa magalimoto ndi makombi, lilembetse pawindo, lidikire dokotala, kenako lifunefune ndalama za sikani. Pa masitepe onsewa, amene ali ochokera ku matendawo ndi amodzi okha. Otsalawo anaikidwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kuwachotsa.

Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko lino, ndime 3, limanena kuti palibe munthu amene ayenera kukanizidwa thandizo la mwadzidzidzi pachipatala chilichonse. Pa sitiroko, kujambula mutu ndi mbali ya thandizo la mwadzidzidzi limenelo, pakuti popanda iko dokotala ali ngati munthu woyenda usiku wopanda nyali. Pempho langa loyamba ndi lakuti mulamule momveka, m'kalata yopachikidwa pakhoma pamene aliyense angawerenge, kuti munthu woganiziridwa kuti wagwidwa ndi sitiroko ajambulidwe kaye, nkhani ya ndalama ibwere pambuyo. Ndikudziwa kuti makina amenewa ndi odula, amafuna magetsi osadukaduka ndi amisiri owakonza, ndipo sindikunena ngati munthu wosadziwa kuti thumba la boma ndi loperewera. Koma ngati makina a chipatala chimodzi aima, pakhale mgwirizano wokhazikika ndi chipatala china, cha boma kapena cha anthu wamba, woti wodwala atumizidwe kumeneko pa ambulansi ya chipatala, m'malo moti achibale azizungulira naye mu Avenues, dera la zipatala zolipira, pa galimoto yobwereka akufunsa mitengo. Ndipo mutiuze poyera, pa wailesi ndi pa zitseko za makiliniki, kuti pakati pa zipatala za Parirenyatwa, Sally Mugabe imene ambiri timaitchabe Gomo, ndi Chitungwiza, munthu wa sitiroko athamangire kuti usana, athamangire kuti usiku, popanda kudutsa pa kiliniki kukatenga kalata.

Ena adzanena kuti n'kutaya nthawi kulankhula za maola anayi ndi theka m'dziko limene mankhwala odulawo safika kwa munthu wamba. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa phindu la kufika msanga silili mu alteplase mokha. Namwino akayeza shuga m'magazi angapeze kuti munthuyo alibe sitiroko n'komwe, ndi shuga amene watsika kwambiri, vuto limene limafanana ndi sitiroko ndipo limatha m'mphindi zochepa munthuyo akapatsidwa shuga. Dokotala akaona chithunzi cha mutu amadziwa ngati ayambe asipirini kapena ayi, ngati atsitse BP msanga kapena aisiye kaye. Wodwala amayesedwa ngati akumeza bwino asanapatsidwe chakudya, amatembenuzidwa kuti asachite zilonda za pogona, amasamalidwa kutentha thupi, ndipo amayamba mafizo minofu isanaume. Zinthu zooneka zazing'onozi, zikachitidwa pamodzi mu wodi yapadera ya odwala sitiroko, zimachepetsa imfa ndi ulumali, ndipo zimenezi zinatsimikizika m'maiko ambiri. Chipatala cha Parirenyatwa chili ndi wodi yotere, ndipo ndikupempha kuti zipatala zina zikuluzikulu zikhale nayo, pakuti chofunika choyamba pa wodi imeneyi ndi mabedi oikidwa pamodzi ndi anamwino ophunzitsidwa bwino. Uthenga wopita kwa anthu ukhalenso wosabisa: ngakhale maola anayi adutsa, ngakhale kwacha, bwerani nayeni.

Pali nkhani ina imene imakhudza ife makamaka, ndipo ndiinena mosapsatira. Nkhalamba ya Chichewa ikamalankhula Chishona imamveka kale mwa mtundu wake, ndipo anthu a m'tauni anazolowera kuseka kalankhulidwe kameneko. Tsiku limene lilime lake lalemera ndi sitiroko, n'kosavuta kuti mlonda wa pachipata kapena kalaliki wa pawindo aganize kuti ndi Chishona cha munthu wa ku Malawi, kapena kuti mkuluyo wadzuka ndi matsire a kachasu. Kuphunzitsa zizindikiro kusathere kwa madokotala ndi anamwino okha; kufike kwa alonda, makalaliki, okankha matrole ndi oyendetsa ambulansi, chifukwa ndi iwo amene amaona wodwala poyamba, ndipo ndi iwo angamuchotse pamzere. Wina aliyense wofika nkhope itapotoka asakhale pabenchi. Komanso ambiri mwa okalamba athu anakhala zaka ndi zitupa zowatcha alendo, ena alibe n'komwe, ndipo mpaka lero amaopa windo lililonse la boma ngakhale gawo 43 linatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Ndime 3 ya gawo 76 ija imati munthu, sinena kuti nzika. Ndikupempha kuti ogwira ntchito pa mawindo akumbutsidwe zimenezi, ndipo ifenso tiwauze agogo athu kuti chitupa chisawagoneke pamphasa. Gawo 82 limalonjezanso chisamaliro cha zaumoyo kuchokera ku boma kwa anthu opitirira zaka 70, ndipo msinkhu umenewu ndi umene sitiroko imaukonda.

Kwa inu a khonsolo ya mzinda, nkhani yaikulu ndi ambulansi ndi BP. Ambulansi imodzi yoima pa kiliniki yaikulu monga ya ku Mbare kapena ya ku Mabvuku, m'malo moyambira ulendo pakati pa tauni, ingapulumutse ola lathunthu, ndipo woyankha foni ya 994 akhale wophunzitsidwa kufunsa za nkhope, mkono ndi mawu, ndi kuchenjeza chipatala wodwala asanafike. Koma sitiroko zambiri zimayamba zaka khumi lisanafike tsiku logwa kapu. BP ndiyo gwero lalikulu kuposa onse, pambali pa shuga, fodya, mowa wambiri, mafuta ochuluka m'magazi ndi kunenepa, ndipo kuipa kwake n'kwakuti munthu angakhale nayo yopitirira 140 pa 90 kwa zaka zambiri osamva kanthu. Mankhwala ake, monga amlodipine ndi hydrochlorothiazide, ali m'gulu la otsika mtengo kwambiri, koma amagwira ntchito pokhapokha akamwedwa tsiku lililonse kwa moyo wonse, ndipo munthu amene wapita ku kiliniki kawiri n'kubwerera ndi pepala lokagulira ku famase amasiya mwakachetechete. Atsibweni anga anasiya chaka chimodzi asanagwe, chifukwa ankati akumva bwino.

Chimene chimandipatsa chikhulupiriro n'chakuti dziko lino linasonyeza kale kuti likudziwa kusamalira matenda a moyo wonse. Msonkho wa Edzi wa 3 peresenti, umene unakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi thandizo la abwenzi akunja, unathandiza kumanga dongosolo limene munthu amalandira ma ARV a miyezi ingapo nthawi imodzi, anthu a dera limodzi amasinthana kukatengerana mankhwala, ndipo wojomba amatsatiridwa kunyumba. Palibe chifukwa chimene wodwala BP asalowere pa khomo lomwelo, makamaka popeza anthu ambiri amene ali ndi HIV akukalamba tsopano, ndipo kachilomboka nakonso kamawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Ku Mbare komweko, m'chaka cha 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi anaphunzitsidwa kukhala pabenchi kunja kwa kiliniki ndi kuthandiza anthu ovutika maganizo, ndipo ntchitoyo inamveka dziko lonse lapansi. Agogo amene anaphunzira ntchito yovuta chotero sangalephere kumanga kansalu ka makina a BP pamkono wa munthu ndi kuwerenga manambala awiri. Amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, amene BP yawo imatha kukwera mwadzidzidzi, asaiwalike pa ntchito imeneyi, pakuti sitiroko si ya okalamba okha. Imagwiranso achinyamata, ngakhale ana amene ali ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sikoselo.

Wailesi ya National FM imaulutsa mapulogalamu m'Chichewa, ndipo m'nyumba zambiri za okalamba athu ndi nthawi imene aliyense amauzidwa kuti akhale chete. Mphindi imodzi yokha ya nkhope, mkono, mawu, nthawi, yobwerezedwa sabata iliyonse kwa chaka, ingachite zimene mapepala a Chingerezi opachikidwa m'makonde a zipatala sanachite. Zithunzi za nkhope yopotoka ndi mkono wotsika zikhale m'makombi, pa Mbare Musika ndi m'masukulu, chifukwa masana m'nyumba zathu mumatsala agogo ndi adzukulu, ndipo nthawi zambiri woona zoyambirira ndi mwana.

Ndatsala ndi inu atsogoleri athu, ndipo pano ndilankhula ngati mwana wa pakhomo. Mabungwe athu a maliro ndi chinthu chonyaditsa chimene makolo athu anamanga pokhala kutali ndi kwawo, kuti munthu asaikidwe ngati galu m'dziko la eni. Munthu akamwalira 2 koloko usiku, pofika m'mawa uthenga wazungulira pa WhatsApp, msungichuma watulutsa ndalama, bokosi lagulidwa, basi yapezeka, ufa ndi nkhuni zafika. Tsono munthu yemweyo akagwa pakhonde ali moyo, palibe thumba la mafuta a galimoto, palibe dzina la munthu woimbira, palibe ndalama ya sikani, ndipo achibale amayamba kutumizirana mauthenga opempha thandizo pamene maola akutha. Tinaphunzira kuthamangira maliro, koma matenda timawayendera pang'onopang'ono. Ndikupempha bungwe lililonse kuti pa zopereka za mwezi lipatule gawo la thandizo la mwadzidzidzi, likhale ndi mayina a anthu awiri kapena atatu a magalimoto amene avomera kudzutsidwa usiku, ndipo ligule makina oyezera BP, amene mtengo wake sufika ngakhale pa theka la bokosi lotsika mtengo, kuti pa msonkhano uliwonse aliyense ayezedwe asanapereke ndalama zake. Amayi a Chigwirizano m'mipingo ya CCAP, amayi a m'misikiti ndi akuluakulu a kudambwe ali ndi misonkhano yokhazikika imene boma silingaifikire mosavuta, ndipo mawu awo amamveka kuposa a namwino.

Sindikunyoza pemphero, pakuti inenso ndine wopemphera, ndipo sindikufuna kutsutsana ndi aliyense pa nkhani ya hamala m'kalata ino. Ndikungopempha abusa, mashehe, aneneri ndi asing'anga kuti akaitanidwa kwa munthu wopotoka nkhope, mawu awo oyamba akhale akuti galimoto ili kuti. Pemphero limamveka ngakhale m'galimoto yothamanga pa msewu wa Simon Mazorodze, ndipo amene akufuna kufufuza za wolodza adzapeza nthawi sabata yamawa, pamene ubongo sudzaipeza. Ndinaona m'banja lathu momwe kuti nkhani ya ufiti inasiya chilonda chachiwiri: abale awiri salankhulana mpaka lero, pamene khadi la ku kiliniki, limene tinalipeza m'thumba la jekete, linali litalembedwa kale manambala amene akanatiuza zonse. Pa za kadyedwe ndinene mwachidule kuti bungwe la WHO limalangiza mchere wosapitirira magalamu 5 patsiku, umene ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndipo ife timathira mumphika, timawonjezera timabulu ta supu, timadya matemba ouma ndi mchere, kenako n'kuwazanso wina pambale.

Wodwala akatuluka m'chipatala, katundu yense amagwera mkazi mmodzi, kaya ndi mkazi wake, mwana wake kapena mpongozi, amene sanaphunzitsidwe kunyamula munthu wamkulu, kumudyetsa osatsamwa kapena kumuwongola dzanja. Malo ochitira mafizo monga St Giles ndi chipatala cha ku Ruwa alipo, koma kukweza munthu wakufa mbali imodzi m'kombi kawiri pa sabata ndi chinthu chimene mabanja ambiri amachiyesa mwezi umodzi n'kugonja. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, kotero akatswiri a mafizo atamafika pa makiliniki a m'madera ngakhale tsiku limodzi pa sabata, ndi kuphunzitsa wosamalira wodwala asanatuluke, anthu ambiri akanabwerera kukagwira khasu ndi sikelo. Amene wagwidwapo kamodzi ali pa chiopsezo chogwidwanso, choncho asatuluke m'chipatala wopanda mankhwala m'manja ndi tsiku lobwereranso.

Bungwe la World Stroke Organization limanena kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu anayi aliwonse adzagwidwa ndi sitiroko pa moyo wake, ndipo chaka chilichonse pa 29 October dziko lapansi limakumbukira matendawa. Ndikupempha kuti lisanafike tsiku limenelo, Unduna ndi khonsolo mulengeze chipatala chothamangirako ndi lamulo la kujambula kaye, ndipo mabungwe athu a maliro akhale atakambirana za thumba la mwadzidzidzi pa msonkhano wawo wa mwezi. Ngati chosowa ndi anthu omasulira mapepala m'Chichewa, olankhula pa wailesi kapena oyenda khomo ndi khomo ndi makina a BP ku Mufakose ndi ku Rugare, tilipo ambiri, ndipo akazi a atsibweni anga anena kuti akhale oyamba kulembedwa.

Ine wanu modzichepetsa,
Mdzukulu wa machona, wokhala ku Mufakose, Harare